Nsichi za Nthano ndi Mayina Ake

Chigawo chathachi aphunzitsi athu a Chichewa anatipatsa ntchito yolemba chimangirizo pa mutu wakuti "Kupulumuka kwa mnyamata wina." Ine ndinalemba za mnyamata amene anasochera m'nkhalango, napirikitsidwa ndi mkango kufikira m'mphepete mwa phompho. Pamenepo nzeru zinandithera. Kumbuyo kunali mkango, kutsogolo phompho, ndipo belu linali pafupi kulira. Tsono ndinalemba kuti mnyamatayo anadzidzimuka, napeza kuti ali chigonere pamphasa pake, ndi kuti zonsezo anali maloto chabe. Ndinapereka pepala langa ndili wokondwa, poyesa kuti ndachita zanzeru zimene wina sanaziganizepo.

Pobweza mapepala, aphunzitsi anaitana mayina asanu ndi awiri, langa lili pomwepo, natiimiritsa kutsogolo. Anati aliyense awerenge ndime yake yotsiriza. Ha! Anyamata athu onse asanu ndi awiri anadzidzimuka kumaloto. Anzathu anaseka mpaka misozi, ndipo ife tinasowa poyang'ana. Sitinaonerane ayi, pakuti tinakhala motalikirana. Aphunzitsi anangoti, "Ana inu, simunabe kwa mnzanu, koma nonse mwabwereka kwa munthu mmodzi amene simumdziwa. Pitani mukamfunefune m'nyumba ya mabuku."

Ndinapitadi, ndipo kwa masabata angapo ndinasiya mpira wa Loweruka ndi kumakhala pakati pa mabuku. Munthu uja sindinampeze, chifukwa kulibe. Koma ndinapeza phunziro limene ndaganiza kuti ndigawireko anzanga m'magazini athu ano, makamaka a Fomu 4 amene mayeso awayandikira. Aphunzitsi athu andikhululukire pamene ndaphonya, pakuti ine ndine wophunzira chabe.

KODI NSICHI ZA NTHANO NDI CHIYANI?

Ambiri a ife tinaonapo nyumba ya kumudzi ili kumangidwa. Amayamba ndi kuzika nsichi, namangirira timitengo topingasa ndi luzi, pambuyo pake amamata dothi. Nyumba ikatha nsichi sizioneka, ndipo mlendo amangoyamikira kuzira kwa pansi ndi kufolera kwa denga. Koma nyumba ya uyu ndi ya uyo, zingasiyane bwanji kunja, m'kati mwa makoma muli nsichi zofanana.

Nkhani zopeka nazo zili chomwecho. Mayina a anthu asintha, dziko lisintha, chinenero chisintha, koma pali zochitika zina, anthu a mtundu wina, ndi mathero ena amene abwera mobwerezabwereza m'nthano, m'mabuku, m'masewero ndi m'kanema. Pa Chingerezi chinthu chotere amachitcha trope. Ine ndizitcha nsichi za nthano, kufikira wina atapeza dzina loposa ili.

Tisasokoneze nsichi ndi phunziro la nkhani. Kunena kuti nsanje ndi yoipa, limenelo ndi phunziro. Koma kuti mtsikana waulemu apita kumtsinje, nathandiza nkhalamba ya zilonda, nalandira chuma. Ndipo mbale wake wamwano atsata njira yomweyo, nanyoza nkhalamba ija, nalandira njoka, imeneyo ndiyo nsichi. Phunziro ndi chimene nkhani ikuuza. Nsichi ndi chimene nkhani yaimirapo.

ANTHU AMENE ANAZISANJA

Agogo anga ankatisimbira nthano ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime m'chaka cha chilala, koma nkumabwera usiku kudzaba madzi. Alonda onse anawapusitsa, kufikira Kamba anadzipaka ulimbo pamsana, nakhala chete m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anamenya ndi dzanja, dzanjalo linakanirira; anamenya ndi linzake, nalonso linakanirira; miyendo chimodzimodzi, mpaka anagwidwa thupi lonse. Ine ndinkayesa kuti nthanoyi ndi ya m'mudzi mwathu mokha. Koma m'chaka cha 1880 munthu wina wa ku Georgia m'dziko la America, dzina lake Joel Chandler Harris, anasindikiza buku la nthano zimene anamva kwa anthu akuda amene anali akapolo m'minda ya kumeneko. M'menemo muli kalulu wotchedwa Brer Rabbit amene amenyana ndi chidole chopakidwa phula, nakanirira dzanja ndi dzanja, mwendo ndi mwendo, monga Kalulu wathu yemwe.

Zofanana zotere zinadabwitsa anthu ophunzira kalekale. M'chaka cha 1910 Antti Aarne wa ku Finland anasanja nthano m'magulu, napatsa gulu lililonse nambala yake. Stith Thompson wa ku America anaonjezera ntchitoyi mu 1928 ndiponso mu 1961, ndipo Hans-Jörg Uther wa ku Germany anaikonzanso mu 2004. M'kaundula ameneyu nthano ya kukanirira pa chidole ndi nambala 175. Nthano ya mwana wamasiye wozunzidwa amene adziwika ndi nsapato yake ndi nambala 510A. Ife tiidziwa ndi dzina la Cinderella monga anailembera Charles Perrault wa ku France mu 1697, koma ku China munthu wina wotchedwa Duan Chengshi anali atalemba kale nkhani yotere m'zaka za m'ma 800, ya mtsikana Ye Xian amene anataya nsapato yagolide.

Winanso ndi Vladimir Propp wa ku Russia. Iyeyu anasanthula nthano 100 za kwao, ndipo m'buku lake la 1928 anaonetsa kuti zonsezo zinamangidwa ndi zochitika 31 zokha, monga kuletsedwa chinthu, kuswa lamulolo, kuchoka pamudzi, kuyesedwa, kulandira chithandizo ndi kubwerera kwao. Si nthano iliyonse imene ili nazo zonse, koma zimene zilimo zitsatana mwa dongosolo limodzi.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga phindu la mayina ndi manambala onsewa ndi lotani?" Yankho langa ndi ili: chinthu chopanda dzina chimavuta kuchiona. Munthu wamba akayang'ana pansi m'tchire amangoti padutsa nyama, koma mlenje amati apa ndi gwape, apa ndi nguluwe, ndipo adziwa chimene achite. Ife asanu ndi awiri aja tinagwa m'dzenje limodzi chifukwa palibe anali atatiuza dzina lake. Tsono nazi nsichi zisanu ndi ziwiri zimene ndazipeza kawirikawiri. Mayina a Chichewa ndapeka ndekha.

1. MFUTI YA PAKHOMA

Anton Chekhov, mlembi wa masewero wa ku Russia amene anamwalira mu 1904, ankalangiza olemba anzake kuti akaonetsa mfuti koyambirira kwa sewero, mfutiyo iyenera kudzalira sewero lisanathe; ngati siidzalira, asaiikepo konse. Chifukwa chake nsichiyi amaitcha mfuti ya Chekhov. Chitsanzo chabwino chili m'buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart. Koyambirira timva kuti Okonkwo ali ndi mfuti yakale yadzimbiri imene sanaphepo nayo kanthu, ndipo tsiku lina atapsa mtima aombera mkazi wake Ekwefi namuphonya. Wowerenga angayese kuti zathera pomwepo. Koma pa maliro a nkhalamba Ezeudu mfuti yomweyo iphulika, nipha mwana wa malemuyo, ndipo Okonkwo athamangitsidwa kukakhala kwa amayi ake ku Mbanta zaka zisanu ndi ziwiri. Tsokalo litidzidzimutsa, komabe sitinganene kuti mlembi watinamiza, pakuti mfutiyo tinaiona kale. Sikuti ikhale mfuti nthawi zonse ayi; ingakhale mpeni, kalata, mankhwala, kapena luso limene munthu anaphunzira ali mwana.

2. MPULUMUTSI WOGWA KUMWAMBA

Iyi ndi mdani wa yoyamba ija. M'masewero a Agiriki akale munali chimtengo cha zingwe chimene ankanyamulira munthu m'mwamba kuti aoneke ngati mulungu. Nkhani ikafika pothina, mulunguyo ankatulukira, naweruza zonse. Pa Chilatini amati deus ex machina, ndiko kuti mulungu wochokera m'makina. M'sewero la Euripides lotchedwa Medea, limene linaonetsedwa zaka 431 Yesu asanabadwe, mkaziyo atapha ana ake athawa pa galeta louluka lochokera kwa agogo ake, mulungu wa dzuwa. Aristotle anadzudzula mathero amenewa, ponena kuti mfundo ya nkhani iyenera kumasulidwa ndi zochitika za m'nkhani momwemo.

Lerolino chimtengo chija kulibe, koma nsichiyi ilipobe. Anzanga amene amalowa m'nyumba za kanema pamsika nthawi ya tchuthi aidziwa bwino: amalume olemera amene sanatchulidwepo atulukira kuchokera kunja ndi thumba la ndalama, kapena munthu woipa, amene palibe akanamgonjetsa, agundidwa ndi galimoto kutatsala mphindi zisanu. Woonera atuluka ndi mtima wosakhuta, chifukwa mwini nkhani sanadzipulumutse ndi nzeru zake kapena ndi khalidwe lake.

3. ANALI MALOTO

Ili ndilo dzenje langa, ndipo ndi mbale wake wa mpulumutsi uja. Kulakwa kwake ndi kwakuti mlembi wapempha wowerenga kuti achite mantha ndi kumva chisoni, ndipo potsiriza amuuza kuti palibe chinachitika. Ngakhale akuluakulu anagwamo. Ku America kunali sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Dallas. Olemba ake anapha munthu wotchedwa Bobby, koma pofuna kumbwezanso, mu 1986 anaonetsa kuti zonse za chaka chathunthu anali maloto a mkazi wina wa m'seweromo, dzina lake Pam. Oonera ambiri anakwiya, ndipo nkhaniyi ikumbukiridwabe monga chitsanzo cha chinyengo chotere.

Komatu maloto pa okha sali oipa. John Bunyan m'buku lake la 1678, The Pilgrim's Progress, anena poyamba pomwe kuti ali kusimba maloto, motero palibe amene anamizidwa. Lewis Carroll m'buku la Alice la 1865 amdzutsa mtsikanayo kumapeto, koma zonse za m'bukumo zinali zosokonekera monga maloto kuyambira pachiyambi, kotero kuti kudzukako kukhala koyenera. Ine mkango wanga unali weniweni kufikira pamene ndinasowa chochita nawo.

4. CHIPSERA CHA MUNTHU WOTAYIKA

Munthu amene anasowa zaka zambiri abwerera osadziwika, ndipo adziwika ndi chizindikiro cha pathupi, mphete, mkanda kapena nyimbo. M'ndakatulo ya Homer, Odysseus abwerera kwao patapita zaka 20, atavala ngati wopemphapempha. Mlezi wake wokalamba Eurycleia, pomsambitsa mapazi, akhudza chipsera cha pamwendo pamene nguluwe inamvulaza ali mnyamata, namzindikira. Nsapato ya Cinderella igwira ntchito yomweyi. Aristotle anati kuzindikira ndi zizindikiro zotere ndiko kosavuta koposa, ndi kuti kopambana ndi kuja kumene choonadi chitulukira chokha m'zochitika. Choncho, anzanga, ngati mufuna chipsera, chionetseni msanga, kuti chikhale mfuti ya pakhoma, chisakhale mpulumutsi wogwa kumwamba.

5. KUTHAWIRA M'KAMWA MWA ULOSI

Munthu auzidwa tsoka limene lidzamgwera, ndipo njira yomwe athawira ndiyo imfikitsa ku tsokalo. Oedipus, m'sewero la Sophocles, anauzidwa kuti adzapha atate wake ndi kukwatira amayi ake. Anathawa ku Corinth, osadziwa kuti anthu a kumeneko anangomlera chabe. Ndipo pa mphambano ya njira anapha munthu amene anali atate wake weniweni, nakakwatira mkazi wamasiyeyo ku Thebes. Mphukira ina ya nsichi yomweyi ndi ulosi wa mawu apawiri. Macbeth wa Shakespeare alimba mtima atauzidwa kuti munthu wobadwa mwa mkazi sangamuphe, ndi kuti sadzagonja pokhapokha nkhalango itayenda. Koma asilikali adza atanyamula nthambi za mitengo, ndipo Macduff aulula kuti iye anachita kutulutsidwa m'mimba mwa amake mwa kung'amba. Mukaona ulosi m'buku, werengani mawu ake kawiri.

6. WACHITATU NDIYE MWINI MWAYI

Ana atatu atumidwa. Woyamba alephera, wachiwiri alephera, wotsiriza wonyozekayo apambana. M'sewero la The Merchant of Venice muli mabokosi atatu, lagolide, lasiliva ndi lamtovu. Kalonga wa ku Morocco asankha lagolide, wa ku Arragon lasiliva, ndipo Bassanio, wachitatu, asankha lamtovu napeza Portia. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Koyamba tiona chochitika, kachiwiri tizindikira kuti ndi chizolowezi, kachitatu tili okonzeka kudabwa chikasintha. Kawiri nkochepa, kanayi nkotopetsa.

7. NDIDZAMALIZA MAWA

M'nthano za Aluya za mausiku 1,001, mfumu Shahryar inkapha mkazi wake aliyense m'mawa mwake mwa ukwati. Scheherazade anapulumuka posimba nthano usiku ndi kuilekeza pokoma penipeni kukamacha, kotero kuti mfumu inkamsunga kuti imve mathero. Azungu amati cliffhanger, kunena munthu wosiyidwa ali lende paphompho. Masewero a pa wailesi amene amapitirira sabata ndi sabata amadalira nsichi imeneyi. Koma ndichenjeze anzanga a Fomu 4 kuti woyesa mayeso si mfumu Shahryar. Iye sadzabweranso mawa.

NJIRA YOZIPEZERA

Amene afuna kuphunzira luso limeneli achite zinthu zitatu. Poyamba, akatha kuwerenga nkhani aifotokoze m'ziganizo zisanu, osatchula dzina la munthu kapena la malo. M'malo mwa Okonkwo anene kuti "munthu woopa kufanana ndi atate wake." Kumeneko ndiko kugumula dothi kuti nsichi zioneke. Chachiwiri, adzifunse kuti, "Kodi zoterezi ndinazionanso kuti?" Akapeza nkhani zitatu zosiyana, adziwe kuti wapeza nsichi, ndipo aipatse dzina lalifupi losavuta kukumbukira. Chachitatu, chimene chili chachikulu, afunse kuti, "Nanga mlembi uyu wachita nayo chiyani chimene ena sanachite?" Pakuti kutchula dzina kokha si nzeru. Pali anzathu ena amene poonera kanema amafuula mathero kuti aoneke ochenjera, nasokoneza anzawo. Agogo akati "Padangokhala," ife nkuyankha kuti "Tili tonse," tidziwa kale kuti Kalulu apulumuka, komabe sitigona, chifukwa tifuna kumva m'mene apulumukire lero.

NSICHI ZOFUMBWA

Tsopano ndifike pa chimene chandivuta mumtima koposa. Nsichi zina sizithera m'buku. Zituluka ndi kukalowa m'maganizo athu. M'nthano mayi wopeza ndi wankhanza nthawi zonse. Ndinadabwa kuwerenga kuti m'buku la nthano la abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, monga linatulukira koyamba mu 1812, mkazi wofuna kupha Snow White anali mayi wake womubala. Mu 1819 anasintha kuti akhale mayi wopeza. Nayenso mayi wotaya Hansel ndi Gretel m'nkhalango anali wowabala, kufikira anamsintha mu 1840. Taonani, mlandu unachotsedwa pa wina nuikidwa pa wina ndi cholembera chabe.

M'nyumba yathu yogona muli mnzanga amene amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi amene anampeza ndiwo amaphika zitumbuwa ndi kugulitsa pamsewu kuti iye apeze ndalama za sukulu. Tsiku lina atabwera kudzamuona, mnyamata wina ananena mwachipongwe kuti asadye chakudya chimene amtengera, mwina muli mankhwala. Mnzangayo sanayankhe, koma usiku ndinamumva ali kulira. Wachipongweyo mayiwo sanawadziwe konse; iye anangodziwa nthano. Chonsecho makolo athu omwe anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chimodzimodzi nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. M'kanema wambiri, tikangoona gogo wosauka wa maso ofiira, tidziwa kuti asanduka mfiti. Maso ofiirawo mwina ndi utsi wa pamoto wa zaka zambiri. Koma tonse tamvapo pa wailesi za agogo amene anamenyedwa, kutenthedwa nyumba, ena kuphedwa kumene m'midzi ya dziko lathu lino, chifukwa chowaganizira ufiti. Sindinena kuti kanema ndiye wapalamula zonsezi, koma nkhani imene munthu waimva kambirimbiri amayamba kuiyesa choonadi. Apa ndipo ndiona phindu lenileni la mayina. Munthu amene angathe kunena kuti, "Iyi ndi nsichi ya gogo mfiti," waima kaye ndi kuganiza, ndipo munthu woganiza satola mwala msanga.

MAWU OTSIRIZA

Aphunzitsi anatilola kulembanso chimangirizo chija. Ulendo uno ndinayamba ndi kunena kuti mnyamatayo anatumidwa ndi atate wake kunkhalango kukasenda luzi lomangira nkhokwe, ndi kuti anali kung'ung'udza chifukwa cha kulemera kwa mtolo wake. Atafika paphompho paja, luzi lomwelo ndilo analimanga kumtengo natsikira nalo pansi, manja ali kutuluka magazi. Pobweza pepala, aphunzitsi analemba ndi inki yofiira mawu awiri okha: "Mfuti yalira."

Motero, anzanga, tisaope nsichi, pakuti palibe nyumba yoima popanda izo, ndipo Shakespeare ndi Achebe omwe anamangira pa zimene anazipeza. Koma tizidziwe ndi mayina ake, kuti tisankhe tokha zolimba ndi kutaya zofumbwa. Mwa chilolezo cha aphunzitsi oyang'anira nyumba ya mabuku, ndaika kope pa tebulo la pafupi ndi khomo. Aliyense wopeza nsichi ina alembemo dzina limene waipatsa ndi nkhani zitatu m'mene waiona. Mayina angawa wina akawaona osayenera awakonze, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Wophunzira wa Fomu 3